Torika ndi Mtolo wa Yangona

Sikisi koloko inali isanakwane, koma Torika anali atapala kale kokonati wofika theka la beseni. Anali pa kampando kopalira kuseri kwa khitchini, laputopu ataisanjika pa ndowa yovundikira pambali pake, ataifunditsa pulasitiki chifukwa kunkawaza. Akapala pang'ono ankapukuta chala chimodzi pa nsalu, kudina, n'kudikira. Pagalasi pankatuluka zilembo zofiira. Iye ankangotsonya chapansipansi n'kubwerera ku kokonati.

Ine ndinali mbali yanga ya mpanda, ndikuyanika zovala pakhonde. Ndinamufunsa ngati chinthucho chayamba kumvera. Anati ayi, anthu awiri akugulabe bedi limodzi. Ndinamva zimene ankanena chifukwa anali atandifotokozera kale: pulogalamu imene anapatsidwa kusukulu inali yogulitsira malo m'sitima zopita kuzilumba, ndipo anthu awiri akadina nthawi imodzi, onse ankapatsidwa bedi lomwelo. Ndinamuuza kuti asavutike, m'sitima yopita kwawo zimenezo n'zamasiku onse. Anaseka pang'ono. Apo n'kuti amayi ake aakulu, a Akanisi, akuitana kale m'nyumba kuti ana achedwa kusukulu ndipo malaya awo sanasitidwe.

Torika ndi mwana wa mng'ono wawo wa a Sekove, aneba anga kuno ku Nadera, m'mbali mwa mzinda wa Suva. Anachokera ku chilumba cha Gau kudzaphunzira za makompyuta ku yunivesite, ndipo monga amachitira mwana aliyense wakumudzi akabwera ku Suva, anafikira kwa abambo ake aakulu. Anamupatsa mphasa m'chipinda cha adzukulu. Palibe amene anamukhazika pansi n'kumuuza kuti ntchito za pakhomo ndi zake. Zinangomupeza chimodzichimodzi: tiyi wam'mawa, kusenda chinangwa ndi dalo, kuchapa, kusambitsa wamng'ono, kuperekera madzi abambo akakhala mozungulira mbale ya yangona, chakumwa chathu chamwambo cha mizu yosinja, madzulo. Pamene ankafika chaka chomaliza, a Akanisi ankauza anzawo kutchalitchi kuti Mulungu wawachiritsa msana. Ine ndinkangoyang'ana pansi, chifukwa mankhwalawo ndinkawaona m'mawa uliwonse atakhala pa kampando kopalira.

Maphunziro ankakhoza. Koma digiri ya kumeneko sapereka kwa munthu amene sanakagwireko ntchito pa kampani kwa miyezi ingapo, zimene iwo amati atachimenti, ndipo malo ake umadzifunira wekha. Ukapanda kuwapeza teremu yachiwiri isanayambe, umadikira chaka chamawa. Torika analibe chaka chamawa. Thandizo la boma linkathera chaka chomwecho, ndipo abambo ake anali atanena kale pafoni, mosakalipa, kuti zikakanika akwere sitima abwerere, kumunda kukufunika manja ndipo amayi ake maso ayamba kuwavuta polukira mphasa.

Mumsewu mwathu ankamutchula kuti mwana wa makompyuta. Ankanena momulemekeza, koma ulemuwo unkabwera ndi katundu. Foni ikadzaza zithunzi, kwa Torika. Gogo akaiwala nambala yachinsinsi, kwa Torika. Wina akafuna kulembetsa mwana wake kokathyola zipatso ku Australia, ankabwera ndi mapepala onyowa n'kukhala pakhomo mpaka zitatheka. Ndondomeko ya mapemphero a Lamulungu ankataipa ndi iye. Anayesapo kufotokoza kuti iye saphunzira kukonza mafoni, amaphunzira kulemba mapulogalamu, koma anthu ankagwedeza mutu n'kumupatsabe foni yosweka galasi. Munthu wakwanu akapempha sukana. Chimene chinkandiwawa ine n'chakuti pochoka ankathokoza a Sekove, omwe nthawi yonseyo amakhala ali pampando akudzikupiza ndi nyuzi. A Sekove ankalandira zikomoyo ndi manja awiri.

Musawaone ngati munthu woipa. Anagwira ntchito kudoko mpaka kupuma, amayang'anira zinthu za tchalitchi, ndipo mwanayu amamukonda moti akamamutchula pagulu mawu amawanjenjemera. Ine ndi iwo timatukwanizana tsiku lililonse, koma umenewo ndi mwambo. Ine ndine wa ku Savusavu, ndipo ife ndi a ku Gau ndife a tau: makolo athu anagwirizana kalekale kuti tizinyozana popanda wokwiya.

"Tau, mwadzuka?" amatero akangotuluka. "Kwanu kuja magetsi anafika, kapena mukuwerengerabe ziphaniphani?"

Ine ndimawayankha kuti afulumire, mimba yawo yafika kale pa siteji ya basi ikuwadikira. Sindine wolankhulalankhula, koma zimenezo ndimakwanitsa.

Pulogalamu ya sitima ija inali ya anthu atatu. Mnzake wina, Eroni, ankasewera mpira wa ragibe ndipo mbali yake ankailonjeza mlungu uliwonse. Winayo, Pranil, ankadziwa zinthu, koma masana onse ankakhala m'shopu ya bambo ake akugulitsa zipangizo za galimoto. Zotsala zonse zinkagwera amene sakana. Tsiku lokapereka ntchitoyo linagundana ndi maliro a mayi wina wa tchalitchi chathu, amene ana ake ali ku usilikali ku England, wina ku Brisbane. Anawo anafuna kuonera mwambo wonse pafoni, ndipo wogwira foniyo sanachite kumusankha. Torika anaima chiimire kuyambira m'tchalitchi mpaka kumanda, dzanja lili m'mwamba, mvula ikutsikira m'chigongono. Ine ndinamugwirira ambulera, choncho ndinkaona mauthenga akudutsa pagalasi. Ena ankati akweze foni, ena sakumva m'busa, wina anafuna aonetse bwino maluwa amene iye anatumiza. Pakati pa amenewo pankatulukira mauthenga a Pranil, ofunsa chifukwa chake pulogalamu yasiya kutseguka. Titabwerera ku nyumba ya maliro anamuika kotsuka mbale. Anazemba ndi thovu m'manja, n'kudzakhala pansi m'khitchini mwanga, n'kukonza chimene chinavutacho. Vuto la bedi limodzi analithetsanso tsiku lomwelo. Anandiuza kuti tsopano woyamba kudina amatsekera mnzake chitseko mpaka atamaliza. Anapeza malikisi abwino, mayina atatu pamwamba pa pepala.

Kufuna malo kunayamba pamenepo. Anatumiza makalata kumabanki, kumakampani a mafoni, kumaunduna. Ambiri sanayankhe. Ena anayankha kuti akufuna wophunzira ntchito amene anagwirapo kale ntchito, zimene Torika anandiwerengera kawiri kuti mwina ine ndizimva. Kwina anamuitana, atafika anapeza kuti akufuna atsikana oima pamsewu ndi malaya achikasu kugulitsa makhadi a foni. Nsapato zoyendera m'maofesi ankabwereka zanga. Zinkamukula pang'ono, ankaikamo thonje. Ankabwera madzulo, kuvula, kuzipukuta, kuzisiya pakhomo panga, kenako n'kukayatsa moto.

Kenaka kampani ina yolemba mapulogalamu, ya m'nyumba yosanja pafupi ndi doko, inamuitana ku mayeso. Anawatsekera m'chipinda ndi makompyuta n'kuwapatsa funso loti alithetse. Anakhoza. Anamuitananso kukacheza naye, ndipo potuluka anamuuza kuti ali m'gulu la ochepa amene atsala, yankho amva mlungu wotsatira. Tsiku limenelo ndinamumva akuimba posenda dalo. Ndipo ndi posenda dalo pomwepo pamene anauza a Akanisi, chifukwa nkhani yabwino siikhala m'mimba mwa mwana. A Akanisi anauza amuna awo pa chakudya chamadzulo.

Kwawo ku Gau, banja la a Sekove ndi la olankhulira mfumu. Ndi ntchito yobadwa nayo. Anthu akafuna kukafunsira mkazi, kukapepesa pa ndewu, kukapempha malo omangapo nyumba, amatenga a Sekove kuti akalankhule, ndipo ndinawamvapo: mawu awo amatsetsereka, ngakhale wokwiya amafewa. Kwa iwo chinthu chachikulu sichipemphedwa ndi mwana, ndiponso sichipemphedwa pa kompyuta. Anafunsa dzina la kampaniyo. Anafufuza kwa anzawo omwa nawo yangona, ndipo sipanatenge nthawi anapeza kuti mmodzi wa akuluakulu a pamenepo, a Nemani, mayi awo ndi a m'mudzi woyandikana ndi wawo.

A Sekove sanamuuze Torika. Anafuna adzangomva zitatheka.

Zimene zinachitika anandiuza okha madzulo a tsikulo, ataima pa mpanda, tayi akadali m'khosi. Anapita atatu, iwo ndi madoda awiri a tchalitchi, atavala masulu akuda, nsalu za m'chiuno zimene amuna kuno amapita nazo ku mapemphero, atanyamula mtolo wa mizu ya yangona wokulungidwa m'nyuzi. Anakwera masitepe chifukwa chikepe sachikhulupirira. Mtsikana wa pakhomo anawafunsa ngati anapangana ndi a Nemani. Anamuyankha kuti anapangana ndi agogo awo a Nemani. Anavula nsapato, n'kulowa, ndipo poti munthu sapempha ataimirira pamwamba pa anzake, anakhala pansi pa kapeti, pakati penipeni pa ofesi, m'mpata wa matebulo. Anyamata ndi atsikana ovala zomvera m'makutu anasiya kutaipa. Ena akwathu, poona akuluakulu ali pansi, anatsika m'mipando yawo n'kukhalanso pansi, osadziwa kuti nkhani n'chiyani.

A Nemani anawatulutsa mu msonkhano. Anabwera ndi mabwana anzawo awiri pambuyo, mmodzi wa ku Australia. Atangoona mtolo anadziwa. Anapinda miyendo ndi buluku lawo lothina n'kukhala. A Sekove anawomba m'manja n'kuyamba: anatchula dziko la kwawo ndi ulemu wake, dziko la kwa mayi a Nemani ndi ulemu wake, anakumbutsa za bwato limene anthu a midzi iwiriyo anasemera limodzi, kenako anati abwera ndi mwana wosauka, wopanda nzeru, kudzamuika m'manja mwa mwana wawo. A Nemani anagwira mtolowo, n'kuyankha monga mwa mwambo, n'kuwomba m'manja.

"Walandira, Tau," anatero a Sekove. "Pamaso pa mzungu. Nkhani yatha imeneyo, kakonzeni nsapato zanu zija."

Ndinawafunsa ngati mwini nkhani akudziwa. Anati adziwa akaitanidwa.

Anaitanidwadi. Madzi anali atasiya mbali yawo, ndipo Torika anali pa mpopi wanga ndi zidebe foni italira. Anali a Nemani. Ndinkamva mawu awo pang'onopang'ono, munthu wolankhula ngati akuyenda paminga. Anati pa kampani pawo pali lamulo loti wolandira mphatso kwa ofuna ntchito azinena, ndipo iwo sakanabisa chinthu chimene ofesi yonse inaona. Mabwana anakambirana. Anati akamutenga, ana enawo adzanena kuti malo anagulidwa, ndipo adzakhala ndi mboni. Dzina lake analichotsa. Anamuuza kuti mayeso aja anakhoza bwino kwambiri, ngati kuti zimenezo zimutonthoza. Mtolowo anati uli m'kabati ya mapepala, palibe akudziwa chochita nawo.

"Sindikanawakana akuluakulu atakhala pansi, mwana wanga. Iwenso ukudziwa."

Torika anati akudziwa. Anathokoza, kawiri konse. Madzi anali akusefukira m'chidebe, ndinapita kukatseka ndine. Kenako anandifunsa kuti mtolo wake uti. Ndi mmene ndinadziwira kuti mpaka nthawi imeneyo palibe anali atamuuza, ndipo ndinamufotokozera.

Sanalire. Ananyamula zidebe n'kupita kukaphika.

Mwana wa kwathu sauza abambo ake aakulu kuti mwalakwitsa. Podutsa pamene akhala amawerama n'kupepesa, polankhula nawo amayang'ana mphasa. Torika anangonena kuti malo aja sanapezeke. A Akanisi anamva nkhani yonse kwa iye kukhitchini, koma anamupempha kuti aisiye pomwepo, abambo ali ndi vuto la kuthamanga magazi ndipo akadziwa mtima uwasweka. Motero a Sekove anakhala ndi nkhaniyo okha, n'kuiganizira mozama, n'kupeza mayankho awiri. Loyamba, Nemani anakulira m'tauni, mwambo anangouloweza. Lachiwiri, ndipo ili ndi limene linkawasowetsa tulo, mtolo uja unali waung'ono. Anati anachita manyazi atauika pa kapeti yaikulu chonchija.

Ndinaona kuti wotsala ndine. M'mawa wina ali pa mpanda ndinasiya zochapa n'kuwayandikira.

"A Sekove, mwanayu mwamuphera malo ndinu. Kumaofesi kuja mizu yanu amaiona ngati chiphuphu. Akanamutenga mukanakhala kunyumba."

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana akazi awo kuti adzamve a ku Savusavu akuphunzitsa a ku Gau mwambo, anthu oti alendo amawalandira ndi tiyi wopanda shuga. Ndinabwereza, osaseka. Anati lero ndadzuka ndi lilime lakuthwa, n'kutambasula dzanja kudutsa mpanda, n'kuthyola papaya langa lakupsa lomwe ndinkalisungira, n'kumapita nalo akusekabe. Zimenezonso amaloledwa. Tau amatenga chimene wakonda kwa tau mnzake, masanasana, ndipo mwini wake amangoseka, kudandaula n'kudzichotsa ulemu. Ndinabwerera ku zochapa zanga nditafuna kuswa beseni. Chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga kwa bambo amenewa ndi nthabwala, ngakhale nditawauza kuti nyumba ikupsa.

Milungu inapita. Anzake anayamba kupeza malo. Pranil analowa pa kampani ya inshuwalansi kumene msuweni wa mayi ake amagwira ntchito. Eroni, amene pulogalamu ya sitima sanalembeko mzere, anatengedwa ku ofesi ina atamulankhulira mphunzitsi wake wa mpira. Torika anandiuza zimenezi tikutola anankafumbwe mu mpunga pakhonde panga, ndipo kanali koyamba kumumva akukweza mawu.

"Onse anapemphedwera, Tau. Koma awo amapempha pafoni, palibe amaona. Ife timapita ndi chimtolo ngati mwana wobereka, madoda awiri kumbuyo, n'kukakhala pakati pa ofesi."

Ndinati abambo ake aakulu amafuna zabwino. Anati akudziwa, n'chifukwa chake zikutopetsa. Munthu wokufunira zoipa umatha kumuzemba.

Anasiya kunena kunyumba kumene watumiza makalata. Akafunsidwa ankati akudikira. Ntchito za mumsewu sizinachepe, mwinanso zinachuluka, chifukwa teremu yoyamba inali itatha ndipo anthu ankati mwana wa makompyuta ali patchuthi, akungokhala. Anajambula ukwati, anataipa malamulo a bungwe la amayi, anaphunzitsa m'busa kutumiza zithunzi, kenako anamuphunzitsanso. Abambo ake anaimba kuchokera ku Gau kufunsa ngati amusungire malo m'sitima ya kumapeto kwa mwezi. Anawapempha kuti adikire pang'ono.

Teremu yachiwiri itatsala pang'ono kuyamba, kampani ina yaing'ono, yolemba mapulogalamu a m'mafamase ndi m'zipatala zing'onozing'ono, inaimba. Tsoka lake foni ya Torika inali m'manja mwa a Sekove. Yawo anali ataipereka kwa iye kuti aichotse zinthu zoilemetsa, ndipo podikira ankaonera mpira pa yakeyo, mwini wake ali kubafa akuchapa mabulangete. Anayankha ndi Chingerezi chawo cha kudoko. Anamva zonse: Lolemba, naini koloko m'mawa, abwere ndi laputopu adzaonetse zimene analembapo. Anathokoza m'malo mwa banja lonse ndi chilumba chonse, n'kufunsa dzina la msewu.

Ulendo uno sanabise. Anauza Torika kuti asade nkhawa, cholakwika chija achiona ndipo sichibwerezedwa. Torika, maso ali pansi, anayesa kunena kuti pa kampaniyo palibe wa ku Gau, mwini wake ndi mayi wa ku Lautoka. A Sekove anati ndiye mpamene pakufunika mwambo kwambiri, alendo sungawalowere ngati nkhuku. Anati sadzapitanso mwamseri, adzapita naye limodzi Lolembalo, adzalowe iwo poyamba, iye pambuyo.

Loweruka anapita kumsika waukulu, chipinda cham'mwamba kumene amagulitsa yangona, ndipo anakhala kumeneko m'mawa wonse akusankha. Anabwera pa takisi chifukwa m'basi mtolowo sukanalowa bwino. Ndinauona akuutsitsa: mizu yakale yokhuthala, yaitali kundifika pachifuwa, yokulungidwa m'nyuzi n'kumangidwa ndi riboni wofiirira. Anauimika pakona ya pabalaza, pambali pa wailesi ya kanema, ndipo aneba ankalowa kudzauona ngati khanda. Operekeza anawonjezeka, tsopano panali madoda atatu ndi mlaliki. Akazi a awiri mwa iwo anali kumudzi, choncho malaya awo oyera anabwera kwa a Akanisi kuti asitidwe. Loweruka madzulo ndinasuzumira pazenera lawo ndikutsekera nkhuku. Torika anali atagwada pa mphasa akusita malaya a anthu opita kukamuphera malo ake omaliza, laputopu ili yotsegula pambali, akuyang'anako pakati pa kolala ndi mkono.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi timapatsana mbale. Ine ndinatumiza dalo ndi masamba ake, ndipo chakumasana, nyumba yawo yonse itagona ndi kukhuta, Torika anabwera ndi nsomba yophika mu mkaka wa kokonati. Anaika mbale patebulo, koma sanabwerere. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atapinda cham'mbali, monga amakhalira munthu wobwera ndi nkhani. Ndinamuuza kuti akhale pampando, anakana. Ndiye inenso ndinatsika.

Pa zaka zonse zimene wakhala kuseri kwa mpanda wanga, kupatula nsapato zija, zomwenso ndinachita kumukakamiza, mwanayu anali asanandipemphepo kanthu. Anayamba ndi kuzungulira. Anafunsa za mwendo wanga, anafunsa ngati foni yanga ikuvutabe. Kenako anayamba kuyala nkhani yake mwadongosolo, chimodzi pambuyo pa chinzake, mmene amandifotokozera mapulogalamu ake. Iye sangawaletse. Amayi aakulu sangawaletse. Akanama kuti tsiku lasintha, abambo aimba okha kukafunsa, nambala ali nayo. Akaubisa mtolowo, nyumba yonse igwedezeka ndipo adzukulu akwapulidwa popanda chifukwa. Koma abambo aakulu sangapite chimanjamanja, ndipo sangapite ndi yangona wosinja wa m'timapepala wa pa kantini, angalole kufa. Msika lero ndi wotseka. Mawa ukamatsegulidwa, iwo akakwere basi, akasankhe, akamange, iye adzakhala atalowa kale ndi kutuluka.

Ndinamufunsa kuti nanga ine ndikulowapo pati, ngakhale ndinali nditayamba kuona.

Anandikumbutsa kuti mlongo wanga akubwera kuchokera ku Savusavu mwezi wamawa kudzafunsira mkazi mwana wake, ndipo adzafuna yangona wabwino. Ndinati zimenezo n'zoona. Ndinamuuzanso kuti ine chibadwire sindinalowepo m'nyumba ya munthu n'kutulukamo ndi katundu wake, mwambo kapena ayi, manja anga sadziwa. Ndinati abambo ake aakulu aseka pamaso pa anthu chifukwa alibe kuchitira mwina, koma mkati ziwapweteka, anausankha m'mawa wonse. Anati akudziwa, ndipo adzawaphikira nkhanu mlungu wonse. Anayang'ana kunja, kumene malaya oyera aja anali atapachikidwa pakhonde la kwawo, kenako anawomba m'manja pang'onopang'ono, mmene amawombera a Sekove akamayamba kupempha.

"Tau, madzulo ano madoda aja abwera kudzapangana za mawa. Mubwere onse ali pompo, kuti pasadzakhale wonena kuti wabedwa. Muwatukwane pang'ono monga mwa masiku onse, munene za mimba yawo, kenako munyamule mtolowo muzipita. Ndi wolemera, koma ine sindingakuthandizeni, ndidzakhala ndikuperekera madzi. Chonde, musaubweze ngakhale atakutsatirani mpaka pageti."